Mkungudza wa ku Mulanje ndi kachule ka pa thanthwe: tiyambe kulira chiti?

Nabanda (mphunzitsi, Linga): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi ana a kalabu ya zachilengedwe, a Folomu 3, ndipo ndawapatsa mtsutso wa Lachisanu likubwerali. Mbali ina itenga mkungudza wa ku Mulanje, mbali ina itenga kachule ka m'phiri lomwelo komwe akatswiri amakatcha Nothophryne broadleyi. Funso lake ndi lakuti pa ziwirizi chili pamavuto akulu ndi chiti, ndipo ndalama zikachepa tiyambire kupulumutsa chiti. Tsono ana onse athamangira ku mkungudza. Kwa chule kwatsala awiri, iwonso ndachita kuwakankhira. Ndithandizeni mfundo, makamaka za chuleyo.

Gift wa kabaza: Kkkkk madamu anawo akulondola. Chule n'kumupulumutsanso? Kuno mvula ikangogwa sitigona nalo phokoso, amachezera usiku wonse kudambo. Atumize lole adzatenge athuwa akawathire ku Mulanjeko, nkhani ithe.

Yamikani: A Gift, amene akukusowetsani tulowo ndi ena. Kameneka n'kakang'ono, sikafika masentimita 3, ndipo sikadziwa dambo. Kamakhala pamwamba pa phiri, pa matanthwe pomwe madzi amangoyenderera pang'onopang'ono osauma. Mazira kamaikira mu ndere zonyowa m'mphepete mwa timifuleni. Chodabwitsa ndi mbululu zake: sizisambira m'chithaphwi ngati zomwe tinkasewera nazo tili ana, zimakwawa pa mwala wonyowa, m'madzi osafika n'pobisa chikhadabo. Mwala uja ukauma, kubereka kwa chaka chimenecho kwathera pomwepo. Anakalemba koyamba m'mabuku a sayansi ndi John Poynton mu 1963, n'kukapatsa dzina la Donald Broadley, katswiri wa njoka ndi abuluzi yemwe ankagwira ntchito ku Zimbabwe.

Gift wa kabaza: Ndiye kachule ka dzina la mzungu, kokhala pamwala pomwe ine sindidzafikapo. Mwandiwonjezera chifukwa chosakadandaulira.

Bambo a Chikondi (kalipentala): Madamu, ine ndiyankhula za chomwe ndachigwira ndi manja. Thabwa la mkungudza wa ku Mulanje simungalisokoneze ndi lina. Mukangolipala kamodzi, shedi yonse fungo, ndipo utuchi wake umakusiyirani timafuta m'manja. Msomali umalowa bwino, silivuta kucheka. Mayi anga anali ndi kabokosi kosungiramo nsalu za ku tchalitchi, kopanda vanishi n'komwe. Denga la nyumba tinasintha chifukwa cha chiswe, mpando wa paini unatha, koma kabokosiko chiswe chinkangokazungulira. Mpaka lero mukatsegula, nsalu zimanunkhira. N'chifukwa chake kale ankaufuna pa madenga, zitseko ngakhalenso maboti, suola msanga m'madzi. Mtengo wotero kutha, dziko lataya chuma chogwirika. Chuleyo sindikumunyoza ayi, koma sindikuona chomwe titataye.

Yamikani: Pa mlingo wa bungwe la IUCN, lomwe limalemba zamoyo zomwe zili pangozi padziko lonse, a Bambo a Chikondi apambana. Mkungudza, dzina la sayansi Widdringtonia whytei, uli pa gawo lomaliza chinthu chisanatheretu kuthengo. Kachuleko kali sitepe imodzi kumbuyo kwake. Ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri lonse la Mulanje. Mtengo wa fuko umenewo, womwe a Kamuzu anaupatsa ulemu umenewu mu 1984.

Nabanda (mphunzitsi, Linga): 7? Achimwene mwalemba bwino, kapena pasowa maziro?

Yamikani: Palibe chasowa madamu. 7.

Mlamu wa ku Likhubula: Ndakhala ndikungowerenga, koma apa mwafika kwathu. Ine pano ndili ku Dwangwa kuno ku mizimbe, koma ndinakulira kunsi kwa phirilo, ndipo ndili mnyamata ndinasenzako matabwa amenewo. Ndikuuzeni mmene zinkakhalira. Timanyamuka kukali mdima, opanda nsapato, chifukwa nsapato pamwala wonyowa imakupereka. Ocheka amakhala konko masabata, wina pamwamba pa chipika wina pansi m'dzenje, kukokerana sowo tsiku lonse, wapansiyo utuchi uli thoo m'maso. Ife timapinda nsanza n'kupanga nkhata, thabwa pamutu, n'kumatsika chothamanga pang'ono chifukwa ukayenda mwaulesi khosi limatha. Thabwa likakhala lalitali umayenera kudziwa pokhotera, likagunda mwala kumbuyo wagwa nalo. Ndalama yake inali yogulira ufa wa masiku ochepa basi. Wodya bwino anali wa lole yemwe amadikira kumunsi, ndi wina wa m'tauni yemwe phirilo sanalipondepo.

Nthawi imeneyo lamulo linkati muzicheka mitengo yakufa yokha. Ndiye anthu anaphunzira kuipha. Kusenda khungwa kuzungulira tsinde, kapena kuyatsa moto pansi pake, chaka chamawa wabwera ndi pepala lako kuti mtengowu ndi wouma. Aliyense ankadziwa. Choncho mukamawauza ana kuti anthu a ku Mulanje ndi owononga, muwauzenso kuti thabwalo silinkathera ku Mulanje.

Bambo a Chikondi (kalipentala): Alamu, mwalasa ife tsopano.

Mlamu wa ku Likhubula: Sindinatchule munthu bambo. Koma kasitomala akabwera n'kunena kuti ndikufuna chitseko cha sida, mkungudza womwewo, mumamubweza?

Bambo a Chikondi (kalipentala): Panopa ngakhale ndifune ndilipeza kuti? Zomwe akugulitsa ena n'kumati sida ndi saipuresi wamba, anthu akungopusitsidwa ndi kafungo. Koma mfundo yanu ndaimva.

Nangozo wa ku Lifuwu: Ine wa ku Salima ndilowerereko. Za mitengo ndasiyira abambo. Ine ndimalima mpunga, ndipo achule ndimakhala nawo m'madzi kuyambira kuwokera mpaka kumweta. Chomwe ndaona ndi chakuti munda womwe wathiridwa mankhwala kwambiri umakhala zii madzulo, pomwe wa pafupi ukusokosera. Alangizi anatiuza kuti chule amapumiranso pakhungu, ndiye chilichonse chili m'madzi chimamulowa. Kuyambira pamenepo ndikamva chete m'munda mtima sukhala m'malo, chifukwa madzi omwewo ndi omwe ana amasamba, ndi omwe timatsukira mbale kumunda. Ana awiri a kumbali ya chulewo muwauze zimenezi. Chule akayamba kusowa pamalo, pali china chalakwika ndi madzi.

Msodzi wa ku Chia: Mayi mwayankhula zomveka, koma amenewo ndi achule a kumunda kwanu. Wa ku Mulanjeyo akutichenjeza chiyani ife a kunyanja? Ine nkhani yonseyi ikundidabwitsa. Mpasa mu Bua wachepa tikuona, chambo cha ku Chia kuno chomwe makolo athu ankadzaza nacho bwato pano timachita kuchisaka, mbawa yosemera bwato uyende mtunda kuti uipeze. Ana a ku Nkhotakota akakangane za kachule ka ku Mulanje?

Nabanda (mphunzitsi, Linga): Bambo, za mpasa ndi chambo tinachita kale teremu yatha, mpaka tinapita nawo ku Bua. Ndasankha dala ziwiri za phiri limodzi kuti asanamizire nyengo kapena dera. Malo amodzi, mvula imodzi, moto umodzi, koma china aliyense akuchidziwa, china ngakhale a Mlamu omwe anakulira konko mwina sanachionepo.

Mlamu wa ku Likhubula: Zoona madamu. Miyala yonyowa ija ndaiponda kosawerengeka, ndere zake ndimazidziwa chifukwa ndi zomwe zinkatigwetsa. Koma kuti ndiwerame n'kuyang'ana ngati pali mbululu, ndi thabwa pamutu? Tizilombo tating'ono todumpha tinalipo, ife timangoti ndi tiachule basi.

Yamikani: Pamenepo ndi pomwe ine ndikuona kuti mbali ya chule ili ndi mfundo yolimba kuposa mmene ana akuganizira. Mkungudza watha chifukwa anthu amaufuna. Koma kufunidwa komweko kwaupezera abale. Pali Mulanje Mountain Conservation Trust, pali a kafukufuku wa zankhalango a FRIM ku Zomba, pali bungwe la Botanic Gardens Conservation International, onsewa agwirizana ndi midzi yozungulira phiri kukhazikitsa manazale. Anthu akufesa m'machubu, kugulitsa mbande, ena kuzisenza kukwera nazo kukadzala, ndipo mbande zomwe zadzalidwa zili m'mazanamazana a masauzande. Njere zinapezeka chifukwa mtengowu unadzalidwanso kale ku phiri la Zomba. Ndiye onani: mitengo ikuluikulu ya ku Mulanje yapita, koma mtunduwo uli m'thumba la njere, uli m'nazale, uli ku Zomba. Njere mutha kuiyanika, kuisunga pozizira, kuinyamula pa basi.

Kachule mungakasunge m'thumba? Moyo wake wonse wamangirira pa mwala wonyowa wa phiri limodzi. Kale ankaganiza kuti kaliponso ku mapiri a kumpoto kwa Mozambique, koma mu 2018 akatswiri atafufuza bwino anapeza kuti a kumeneko ndi mitundu ina 4 yosiyana, uliwonse ndi phiri lake. Ndiye kathuka katsala ndi Mulanje yekha. Kakatha pamenepo palibe Zomba wokatapako.

Gift wa kabaza: Nanga osangokagwira n'kukaweta? Anthu akuweta nsomba m'madamu, chule angavute?

Yamikani: Zinayesedwapo ku Tanzania, ndipo nkhani yake madamu muwafotokozere ana. Ku mapiri a Udzungwa kuli mathithi a Kihansi. Kunali kachule kachikasu komwe kankakhala pamalo ochepa kwambiri, pomwe madzi a mathithiwo amawaza usana ndi usiku. Kameneko sikaikira n'komwe mazira, kamabereka tiana tamoyo. Atamanga damu la magetsi kumtunda, cha m'ma 2000, madzi ambiri anapatutsidwa, kuwaza kuja kunachepa, udzu unasintha. Anaika mapaipi owaza madzi kuti ayerekeze mathithi, koma tiachule tinapitirira kutha, kenaka kunabweranso matenda a pakhungu otchedwa chytrid omwe apha achule m'maiko ambiri. Pofika 2009 analengeza kuti kuthengo katheratu. Mwayi unali woti ena anali atawatengera ku America, kumalo osungira nyama a Bronx ndi Toledo, komwe anawaweta m'zipinda zoziziritsa ndi zowaza madzi, ndipo mu 2012 anayamba kuwabweza kwawo. Ndiye inde a Gift, zimatheka. Koma taganizani ndege, magetsi osazima, madokotala a nyama, zaka zonsezo, chifukwa cha kachule kamodzi. Mbande ya mkungudza imafuna chubu, dothi, madzi ndi mayi woithirira.

Msodzi wa ku Chia: Magetsi osazima kkkk, ndiye kwathu kuno kafa kale.

Mlamu wa ku Likhubula: Koma achimwene a Yamikani musapeputse za mbandezo ngati kudzala ndi kumaliza. Ine abale anga ali m'magulu a nazalewo. Mbande ikakwera phiri adani ake ndi ambiri. Woyamba moto. Osaka nyama amayatsa udzu chilimwe, ndipo moto wa pamwamba paja ukayamba ndi mphepo simungauthamangitse. Mtengo waung'ono ukangowaulidwa wapita. Anthu amalambula njira zotchinga moto chaka ndi chaka, koma chaka chimodzi chokha ndalama ikachedwa, ntchito ya zaka zisanu yapsa tsiku limodzi. Ndiye kuti ufike pokhala mtengo weniweni, uja wa mamita 40 womwe anthu awiri sangaukumbatire, si ife tidzauone, ngakhale ana athu. Ndani adzaulondera zaka zonsezo anthu ali ndi njala kumunsi?

Yamikani: Apo sindikutsutsani alamu. Muwonjezerepo paini wa ku Mexico, Pinus patula, yemwe anadzalidwa m'phirimo nthawi ya atsamunda n'kuyamba kudzifesa yekha mpaka kulanda malo, komanso nsabwe za mitengo zomwe zinalowa m'dziko muno m'ma 1980 n'kuumitsa mikungudza yambiri. Ndipo mtengowu uli ndi khalidwe lovuta: mbande zake sizikula bwino mumthunzi wa nkhalango yowirira, zimafuna m'mphepete mowala, momwenso ndi momwe moto umafika msanga. Ine sindikuti mkungudza wapulumuka. Ndikuti uli ndi njira yobwererera, ngakhale ndi yaitali.

Nangozo wa ku Lifuwu: Nanga motowo chuleyo sumukhudza? Poti ali pamadzi.

Yamikani: Umamukhudza mayi, mozungulira. Udzu ndi nkhalango za pamwamba ndi zomwe zimagwira madzi a mvula ndi a nkhungu n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Zikapsa kapena kudulidwa, mvula ikagwa madzi amangothamanga tsiku limodzi ndi dothi ndi phulusa, kenaka mwala gwaa. Ndere zomwe kamaikiramo mazira zimauma kapena kukwiririka. Palibe amene amadzuka m'mawa kuti lero ndikaphe Nothophryne. Kamafa ndi nkhwangwa yomwe yalunjika mtengo ndi machesi omwe alunjika kalulu.

Mlamu wa ku Likhubula: Ndipo madzi akathamanga tsiku limodzi si chule yekha amalira. Napolo wa nthawi ya namondwe wa Freddy, Malichi 2023, anatsika ndi miyala yaikulu kuposa nyumba, ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi ina inakwiririka. Mvula inali yoopsa payokha, sindikunena kuti mitengo ikanaletsa zonse. Koma ife amene tinaliona phirilo lili ndi nkhalango tikaliona lero timadziwa kuti lavulidwa.

Msodzi wa ku Chia: Pepani alamu, tinamva nawo chisoni. Komabe ine pa funso la madamu ndiima pa mkungudza, ndipo chifukwa changa ndi ichi. Anthu amasamala chinthu chomwe akuchiona phindu. Mayi a ku Salimawo akudziwa za chilumba cha Mbenje: mfumu ya kumeneko, a Makanjira, akatseka usodzi nthawi ya mvula palibe amaponya khoka, ndipo akatsegula nsomba zimaphedwa zambiri. Anthu amamvera chifukwa mimba imaona zotsatira. Kuno ku nkhalango ya Nkhotakota, bungwe losamalira nyama zakuthengo la African Parks litabwera mu 2015 n'kubweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, mpanda unamangidwa, alonda anachuluka, chifukwa njovu imakoka alendo ndi ndalama. Pansi pa njovuzo tizilombo tingati tapulumuka tomwe palibe akutidziwa? Ndiye ikani ndalama pa mkungudza. Mukaletsa moto chifukwa cha mbande, chule wanuyo apulumukira momwemo osadziwa n'komwe.

Nabanda (mphunzitsi, Linga): Eee bambo, mfundo iyi ndiibisa kaye, ikafika kwa a mkungudza ana anga awiri aja atheratu.

Yamikani: Ndi mfundo yabwino koma ili ndi bowo. Mkungudza umamera m'zigawo zina za phiri, kuyambira cha pa mamita 1,800 kupita m'mwamba, m'makwawa ndi m'mbali mwa nkhalango. Olondera mbande adzalambula mozungulira minda ya mbandeyo, osati thanthwe lililonse lodontha madzi. Ndiponso mukamayeza kupambana powerenga mitengo, mutha kudzala yambiri n'kuomba m'manja pomwe kamfuleni kena kauma osaonedwa ndi munthu. Mtengo suthawa, umawerengeka. Kachule kuti mukadziwe kuti kachepa pafunika munthu wokwera phiri nthawi ya mvula, usiku, ndi tochi, chaka ndi chaka. Ndani amalipira ntchito imeneyo? Lipoti lalikulu la mu 2023 linati mwa mitundu 100 iliyonse ya achule ndi abale awo padziko, 41 ili pangozi, kuposa mbalame, kuposa nyama zoyamwitsa. Koma pa wailesi timamva za njovu ndi zipembere. Ku Mulanje komweko kulinso achule ena osowa, monga Amietia johnstoni wa m'mitsinje ya pamwamba, nawonso ali pa mndandanda womwewo.

Bambo a Chikondi (kalipentala): Ndiye mukuti tisiye mtengo wa fuko tigule matochi?

Yamikani: Ayi bambo kkkk. Ndikuti pa kwacha iliyonse yopita ku phirilo, kagawo kena kapite kwa woyang'ana madzi. Ine akanandiika pa mtsutsowo ndikanati: wovulala kwambiri lero ndi mkungudza, koma wosavuta kumutaya mpaka kalekale ndi chule.

Msodzi wa ku Chia: Imeneyo ndi yankho ya munthu wa sukulu, kuponda uku ndi uku. Madamu anati ndalama ndi zochepa, sankhani chimodzi.

Yamikani: Chabwino, chule. Chifukwa mkungudza uli kale ndi oulirira, inuyo ndi a Bambo a Chikondi muli pomwepo.

Nangozo wa ku Lifuwu: Inenso chule. Tatsala awiri ngati ana a madamu aja.

Gift wa kabaza: Ine zonsezi zandipatsa maganizo ena. Mbande za mkungudzazo zimagulidwa bwanji? Ndidzale khumi kuseri kwa nyumba, ndikakalamba ndidzagulitse kwa a Bambo a Chikondi, kabaza ndimusiye.

Mlamu wa ku Likhubula: Kutentha kwa kunyanja kuno? Umenewo ndi mtengo wa kozizira aise, wa m'nkhungu, komwe m'mawa wa mu Juni udzu umachita kuuma ndi chisanu. Mwezi wa Okutobala wa pa Nkhotakota sungauone n'kutha kwake.

Bambo a Chikondi (kalipentala): A Gift dzalani mbawa, imeneyo ndiye ya kwathu kuno ndipo nayonso ikusowa, thabwa lake tikuligula modula kale. Zibalobalo zake zikayamba kusweka mumtengo mukatole njere pansi, zija zopyapyala zofiirira, ndipo musazisunge nthawi yaitali chifukwa zimafa msanga. Fesani m'machubu pamthunzi, muwokere mvula ikakhazikika, makamaka chakumunsi komwe kumasunga chinyezi. Machubu otsala ndili nawo ku shedi, mudzadutse mudzatenge. Koma mumangiretu mpanda, mbuzi za pa Boma pano sizisiya kanthu.